Mafunso ndi mayankho: mbiri ya tchalitchi cha St Peter pa chilumba cha Likoma

Munthu wofika ku Likoma koyamba, akangokwera kamtunda kochokera kugombe n'kutulukira pa Chipyela, amaima kaye. Pakati pa milambe, miyala ndi timinda ta chinangwa pali chitchalitchi cha nsanja ziwiri chimene chikanaonekabe chachikulu ngakhale chikanamangidwa pakati pa mzinda wa Blantyre. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alendo, ana asukulu, ngakhalenso akhristu a Anglican amene anakulira mu mpingowu koma sanawolokepo nyanja.

Tchalitchichi chinamangidwa liti? Ena amati 1903, ena 1905, ena 1911.

Onsewo akunena zoona, kungoti aliyense akuloza tsiku lake. Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower pa 27 Januwale 1903. Pofika pa 29 Sepitembala 1905, tsiku lokumbukira Mikayeli Woyera, nyumbayo inali itafika poti anthu n'kupempheramo, ndipo inadalitsidwa. Ntchito yotsala inatenganso zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka pa 14 Novembala 1911 pamene Bishopu Thomas Cathrew Fisher anaipatula.

Mpingo weniweniwo ndi wakale pachilumbapa kuposa nyumbayi. Mishoni inakhazikika mu 1885, ndipo nyumba zake zoyamba zinali zofolera ndi udzu. Mu 1892 moto unapsereza mbali yaikulu ya mishoni, tchalitchi ndi mabuku omwe. Amene anaona motowo sanafunikenso wowauza kuti nyumba ya Mulungu yotsatira ikhale ya miyala ndi malata.

Anamanga ndani?

Amene anajambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito ndi Frank George, mmisiri wa zomangamanga wochokera ku England, yemwe pambuyo pake anadzozedwa unsembe. Dzina lake ndi limene limatchulidwa, ndipo m'pake, chifukwa anaphunzitsa gulu la amisiri a kuno lomwe linadzamanganso matchalitchi ena a miyala m'mbali mwa nyanja.

Koma Frank George yekha sakanaswa mwala wa Likoma. Oswa ndi kusema miyala, omanga, akalipentala, opalasa ngalawa zobweretsa katundu, ndi amayi osenza mchenga, madzi ndi miyala pamutu anali anthu a pachilumba pomwepo ndi a kutsidya. Panalibe galimoto, panalibe makina onyamulira katundu m'mwamba. Mwala uliwonse umene uli pamwamba pa khoma unakwezedwa ndi manja. Choncho mukamva munthu wa ku Likoma akunena kuti tchalitchichi anamanga ndi agogo ake, sakudzitama chabe, akufotokoza zimene zinachitikadi.

A Anglican anayambira ku Magomero, kumwera kwenikweni. Anakapezeka bwanji ku Likoma?

Ulendo wake ndi wozungulira, ndipo unatenga zaka 24.

Nkhani imayambira ku Cambridge pa 4 Disembala 1857, pamene David Livingstone analankhula kwa ophunzira a payunivesite n'kuwapempha kuti apitirize ntchito imene iye anayamba mu Africa. Pempholo linabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika ndi dzina lachidule loti UMCA. Mtsogoleri wake woyamba, Charles Frederick Mackenzie, anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861, ndipo chaka chomwecho iye ndi anzake anamanga misasa ku Magomero pamodzi ndi anthu amene anawamasula m'magoli a ukapolo.

Ku Magomero zinthu sizinayende. Amishoniwo analowerera nkhondo za m'deralo, mpaka bishopu weniweniyo kugwira mfuti polimbana ndi Ayao ogwira akapolo. Kunabwera chilala, njala, kamwazi ndi malungo. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, atangotha chaka chimodzi pa udindo. Wolowa m'malo mwake, William Tozer, anaona kuti kukakamira kumeneko n'kungowonjezera manda, ndiye mu 1864 anasamutsira mishoni yonse ku Zanzibar. Livingstone anakhumudwa kwambiri ndi kusamukaku, koma Tozer sanabwerere m'mbuyo.

Ku Zanzibar anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ana omasulidwa ku ukapolo, ena mwa iwo ochokera kunyanja kuno. Maso awo anali adakali kumtunda. Mu 1876 anatsegula mishoni ku Masasi, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Mu 1880 wansembe wachinyamata William Percival Johnson anakakhala ku Mwembe, kwa Mfumu Mataka ya Ayao, koma chaka chotsatira anamupirikitsa pomuganizira kuti ndiye ankaulula za maulendo a akapolo kwa Angerezi. Kumayambiriro kwa 1882 Johnson ndi mnzake Charles Janson anatulukira kunyanja kuchokera kuvuma. Janson sanakhalitse, anamwalira ku Chia, kugombe la kuvuma, patangopita masiku ochepa. Johnson anatsala yekha, akuyenda pansi mudzi ndi mudzi m'mbali mwa nyanja, ndipo kuyenda kumeneko ndi kumene kunamuphunzitsa kuti ntchitoyi siingatheke popanda sitima.

Anapita ku England kukapempha ndalama, sitima inagulidwa, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire, ndipo anaitcha Charles Janson. Sitima imafuna doko ndi malo okhazikika. Mu 1885 Bishopu Charles Smythies anapempha malo kwa Mfumu Chiteji ya kutsidya, imene inali ndi ulamuliro pa Likoma, ndipo wansembe George Swinny anayamba ntchito pachilumbapo. Wansembe wina, Chauncy Maples, anafika chaka chotsatira.

Bwanji osamanga kumtunda kumene kunali anthu ambiri?

Chifukwa choyamba chinali nkhondo. Midzi ya Anyanja ya kugombe la kuvuma inkakhala mwamantha ndi Angoni ochokera dera la Songea, amene anthu ankawatcha Magwangwara, komanso magulu ogwira akapolo. Midzi yambiri inali m'malinga. Ankhondo a kumtundawo sankawoloka madzi, ndiye chilumba chinali pothawira pabwino. Chachiwiri, Likoma ili ndi magombe obisika ku mphepo kumene sitima imatha kukocheza. Amishoniwo ankakhulupiriranso kuti pachilumba chouma cha miyala malungo achepa, ngakhale manda a pamishoni akusonyeza kuti chiyembekezocho chinali chopitirira.

Chifukwa chachikulu ndi chimene ife a masiku a misewu ya tala timachiiwala. Nthawi imeneyo nyanja ndiyo inali msewu. Woyenda pansi ankatha milungu, wa pasitima ankatha masiku. Kwa munthu woyenda pamadzi, Likoma siinali kumathero a dziko ayi, inali pakati. Kuchokera pamenepo sitima inkafika ku Msumba, ku Kobwe, ku Liuli, ku Nkhotakota, mpaka kwa Mponda kumwera, kutsitsa aphunzitsi, kunyamula odwala, n'kubwerera.

Ndi zoona kuti pamene pali tchalitchipa ankawotcherapo anthu?

Inde. Pa Chipyela ndi pomwe ankatenthera anthu amene agamulidwa kuti ndi afiti, makamaka amayi, ndipo izi zinkachitikabe amishoni atafika kale pachilumbapo. Kusankha malo amenewa sikunali kwangozi. A UMCA anachitanso chimodzimodzi ku Zanzibar, kumene tchalitchi chawo cha Christ Church chinamangidwa pamalo amene panali msika wa akapolo. Ankafuna kuti guwa liime pomwe panatayikira moyo wa munthu.

Amati n'chachikulu ngati Winchester Cathedral ya ku England. Zoona?

Kumeneko n'kukokomeza, ngakhale mabuku ambiri a alendo amabwereza mawuwa. Winchester Cathedral ndi yotalika pafupifupi mamita 170. St Peter ya ku Likoma ndi pafupifupi mamita 100, kutalika ngati bwalo la mpira, ndipo malo onse amene inatenga ndi oposa masikweyamita 1,600. Chodabwitsa si chakuti ikufanana ndi ya ku England, koma kuti nyumba yotere ili pa chilumba cha masikweyakilomita 18 okha. Boma lonse la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu pafupifupi 14,500 pa kalembera wa 2018.

Ndiye n'chifukwa chiyani anamanga chachikulu chonchi? Amene amati amishoni anangofuna kudzionetsera amakhala akuyeza tchalitchichi ndi chilumba, pomwe eni ake ankachiyeza ndi nyanja yonse. Sichinamangidwe kuti chikhale cha parishi imodzi. Chinali mpando wa bishopu wa dayosizi imene inakuta magombe onse awiri, kuyambira kumpoto m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, kutsika gombe la Apwitikizi, kuzungulira kumwera mpaka ku Shire, ndi kuwolokera ku Nkhotakota. Kufikira 1910 ngakhale dera limene lero ndi Zambia linali lisanakhale ndi bishopu wa Anglican wakewake. Ansembe ankadzozedwera kuno, misonkhano ya dayosizi inkachitikira kuno. Malire a mayiko ndi misewu ya kumtunda ndi zimene zinadzasandutsa likulu kukhala malo akutali.

Zipangizo anazitenga kuti, poti pachilumbapa palibe nkhalango?

Mwala wokha ndi umene Likoma inapereka mosaumira. Matabwa, njerwa ndi laimu zinkachokera kumtunda pa ngalawa ndi sitima. Simenti, malata ndi magalasi zinkachokera ku Ulaya, ndipo njira yake inali yowawa: pa sitima yaikulu mpaka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, kenako pa sitima zing'onozing'ono kukwera Zambezi ndi Shire, kenako pamitu ya amtengatenga kulambalala mathithi a Shire mpaka ku Matope, n'kukweranso sitima ina yolowa m'nyanja. Njanji yofika ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908, mbali yaikulu ya tchalitchi itaima kale.

M'katimo muli chiyani choti munthu aone?

Nyumbayi inamangidwa ngati mtanda. Muli mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya ndi ansembe yosemedwa pa mwala wofewa, ndi kachipinda kopemphereramo kotchedwa dzina la Maria. Kunja kuli makonde a zipilala olumikiza tchalitchi ndi nyumba ya mabuku ndiponso chipinda chokumaniranamo ansembe.

Chimene alendo ambiri amafunsa ndi mtanda wa thabwa lochokera kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, kumene Livingstone anamwalira mu 1873 ndipo mtima wake unakwiriridwa patsinde pa mtengo. Ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi kukula kwa nyumbayo, ndipo wosauzidwa akhoza kudutsa osakaona. Musaiwalenso manda a pafupi ndi tchalitchi. Werengani zaka za anthu ogona pamenepo, mudzaona kuti ambiri mwa amishoni oyambirira anafa asanakalambe.

Chauncy Maples ndi munthu kapena sitima? Ndipo manda ake ali ku Likoma?

Ndi zonse ziwiri, koma anayamba ndi munthu. Maples anatsogolera mishoni ya Likoma kuyambira 1886. Anali munthu wa mabuku ndi nyimbo, ndipo mu 1893 anayambitsa nyuzipepala ya Nyasa News, yosindikizidwa pachilumba pomwepo. Dayosizi ya kunyanja itapatukana ndi ya Zanzibar mu 1892, bishopu woyamba, Wilfrid Hornby, anadwala n'kutula pansi udindo pasanathe zaka ziwiri. Maples anadzozedwa m'malo mwake ku St Paul's Cathedral mu London pa 29 Juni 1895.

Pa mpando wake sanafikepo. Pobwerera, atachoka ku Monkey Bay pa boti lathanga kulowera ku Nkhotakota, anakumana ndi namondwe usiku wa pa 2 Sepitembala 1895, ndipo botilo linagubuduka. Amalinyero anasambira mpaka kumtunda. Maples, amene ankadziwa kusambira, analemedwa ndi mkanjo wake wa unsembe n'kumira, pamodzi ndi mmishoni mnzake Joseph Williams. Anali ndi zaka 43. Thupi lake linaikidwa ku Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints kumeneko, osati ku Likoma. Tchalitchi cha St Peter sanachione n'komwe, chifukwa maziko ake anakumbidwa patapita zaka zoposa zisanu ndi ziwiri iye atamwalira.

Sitima yotchedwa dzina lake inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'mitolo yoposa 3,000, inalumikizidwa kumwera kwa nyanja kufupi ndi Mangochi, n'kulowa m'madzi mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma linaitenga kuti izinyamula asilikali, ndipo mu 1953 mishoni inaigulitsa ku boma.

Nanga Johnson uja anathera kuti?

Anakhala kunyanja zaka 46. Maso ake anawonongeka ndi nthenda mu 1884 ali ku Quelimane, moti moyo wake wonse wotsala ankaona pang'ono ndi diso limodzi. Ngakhale zinali choncho, ndiye anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja, mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, nthawi zambiri ali m'kachipinda ka m'sitima. Baibulo lonse linatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika lisanamalizidwe. Sanakhalepo bishopu, ndipo moyo wa pa likulu sunkamukoka. Anamwalira mu Okutobala 1928 ku Liuli, m'dziko la Tanzania, ndipo manda ake ali komweko.

Likoma yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Tchalitchi chili ndi mbali pa nkhani yoti chilumbachi ndi cha Malawi?

Kwambiri. Kuchokera ku Likoma kupita ku Kobwe, gombe la Mozambique, ndi makilomita ochepa chabe, pomwe kukafika kugombe la Malawi ndi ulendo wa maola angapo pa sitima. Mwachibadwidwe anthu a pachilumbachi ndi amodzi ndi a kutsidyako, ndipo mfumu imene inapereka malo kwa amishoni inali ya komweko. Koma pamene Britain ndi Portugal ankagawana dera lino pa pangano la 1891, Angerezi sanafune kusiya likulu la mishoni yawo m'manja mwa Apwitikizi. Gombe la kuvuma linapita kwa Portugal, Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Britain. Pangano lina la 1954 linaika malire pakati pa nyanja m'chigawo chimenecho, koma zilumba ziwirizi zinakhalabe za Nyasaland, ndipo mu 1964 zinakhala za Malawi.

Nyumba ya miyalayi inali isanamangidwe mu 1891, ndiye tisanene kuti makoma ake ndi amene anateteza chilumba. Chinagwira ntchito ndi kukhalapo kwa mishoni. Komabe n'zoona kuti munthu wa ku Likoma lero ali ndi chiphaso cha Malawi chifukwa cha malo amene Smythies anapempha mu 1885.

Ndiye tingoti ndi tchalitchi cha atsamunda?

Funsoli silifuna yankho lothamanga. Amishoni anafika ku Likoma zaka zisanu ndi chimodzi Britain isanalengeze ulamuliro wake pa dziko lino mu 1891. Sanabwere ndi asilikali, ndipo boma silinawatume. Ankakhala moyo wosauka, osakwatira, osalandira malipiro enieni koma kandalama kochepa kogulira zofunika. Mfundo yawo inali yoti Mwafrika akhale Mkhristu osasanduka mzungu, ndipo pa chifukwa chimenechi sankalimbikitsa za minda ikuluikulu ndi malonda monga ankachitira a Scotland ku Blantyre ndi ku Livingstonia. M'zaka za m'ma 1950 Bishopu Frank Thorne anali mmodzi mwa azungu amene anatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Mbali inayo iliponso. Mishoni inapindula ndi mbendera ya Britain, monga taonera pa nkhani ya malire. Pachilumba, boma linali kutali, ndiye sukulu, chipatala, ntchito, sitima, ngakhale milandu yambiri zinali m'manja mwa mishoni. Mphamvu zochuluka chonchi pa gulu limodzi la alendo, ngakhale akhale a mtima wabwino, zimalera kudalira. Mfundo ija yosasandutsa anthu azungu inali ndi ubwino wake, koma inachititsanso kuti maphunziro apamwamba achedwe, ndipo achinyamata ambiri ophunzira a ku Likoma anakafuna ntchito kunja, m'maofesi a boma, m'sitima ndi m'migodi ya kumwera. Ndipo chachikulu, utsogoleri unakhala m'manja mwa azungu nthawi yaitali kuposa mmene zinayenera kukhalira. Kuchokera 1885 mpaka Mmalawi woyamba kuvala chisoti cha ubishopu wa Anglican panapita zaka 80.

Ansembe akuda oyamba anali ndani?

Awa ndi anthu oyenera kudziwika kuposa mmene amadziwikira.

Yohana Abdallah, Myao, anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anatumikira ku Unangu, kumapiri a kutsidya, kwa zaka pafupifupi 30, nthawi zambiri popanda mzungu pafupi. Ndiyenso analemba mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Augustine Ambali anagwidwa ukapolo ali mwana kugombe la Tanzania, anamasulidwa, anaphunzira ku Zanzibar, n'kubwera kunyanja ngati mphunzitsi. Anakhala dikoni mu 1898, wansembe mu 1906, ndipo mpingo waukulu wa ku Msumba unakula m'manja mwake. Eustace Malisawa anadzozedwa naye pamodzi.

Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, komwe kuja anafera Charles Janson. Anakhala dikoni mu 1902, wansembe mu 1909, anatumikira ku Lungwena ndi ku Nkhotakota, kenako anadzipereka kupita ku Msoro, kuvuma kwa Zambia, ngati mmishoni. Anamwalira kumeneko mu 1913. Sukulu ya ansembe a Anglican ku Zomba imatchedwa dzina lake.

Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, anabadwa mu 1903, chaka chomwe mwala wa maziko unaikidwa. Atatumikira zaka zambiri kumwera kwa Tanganyika, anadzozedwa mu 1965 kukhala bishopu wothandizira, Mmalawi woyamba kukhala bishopu mu mpingo wa Anglican, ndipo mu 1971 anakhala bishopu woyamba wa Dayosizi ya Lake Malawi.

Pansi pa mayina amenewa panali aphunzitsi a m'midzi mazanamazana. Sitima inkatsitsa mphunzitsi pamudzi n'kupita, osabweranso kwa milungu. Woimba belu m'mawa, wophunzitsa ana kuwerenga, wokonzekeretsa anthu ubatizo, woika maliro, anali iyeyo. Wansembe wachizungu ankangodzakolola.

Bwanji mapemphero a ku Likoma amafanana ndi a Akatolika?

Chifukwa a UMCA anachokera ku nthambi ya mpingo wa England imene inkafuna kubwezeretsa miyambo yakale ya Eklezia, gulu limene linayambira ku Oxford m'zaka za m'ma 1830. N'chifukwa chake muli Misa yoimba, lubani, makandulo, mikanjo ya ansembe, kulapa kwa wansembe, kusunga masiku a oyera, ndi kutchula wansembe kuti bambo. Kusiyana kwake n'kwakuti a Anglican sali pansi pa Papa, ndipo ansembe a kuno amakwatira. Lamulo losakwatira linali la amishoni a bungwe lija, osati la mpingo wonse.

Kaphunzitsidwe kawo kanalinso kosathamanga. Munthu ankayamba ngati womvera mawu, kenako n'kulandira mtanda monga wokonzekera ubatizo, ndipo ankatha zaka asanabatizidwe. Osabatizidwa ankakhala kumbuyo ndipo ankatuluka Misa isanafike pa mgonero.

Kupatula tchalitchi, mishoni inasiya chiyani pachilumbapa?

Sukulu, choyamba. Anyamata ndi atsikana omwe ankaphunzira, ndipo Likoma inatchuka kalekale kuti ndi dera la anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Aphunzitsi ankaphunzitsidwa ku St Michael's College, imene inayambira ku Kobwe n'kudzasamuka kangapo, ndipo ansembe ankaphunzira ku St Andrew's pa Likoma pomwepo. Panali makina osindikizira mabuku, malo ophunzirira ukalipentala, ndi ntchito za m'sitima zimene zinatulutsa amalinyero ndi mainjiniya a panyanja.

Chachiwiri ndi chipatala, chomwe mpaka lero chimatchedwa St Peter's. Dokotala Robert Howard, amene anafika mu 1899, anasintha zambiri. Anaumirira nyumba zabwino, maneti otchinga udzudzu ndi kumwa kwinini mwadongosolo, pa nthawi imene sayansi inali itangotsimikiza kuti malungo amafala ndi udzudzu. Imfa za amishoni zinachepa kwambiri. Mwina n'chifukwa chake gulu limene linayamba kumanga mu 1903 linakhala ndi moyo wokwanira kumaliza ntchitoyo.

Likulu la mpingo linachoka liti ku Likoma, ndipo tchalitchichi ndi cha dayosizi iti lero?

Linachoka pang'onopang'ono, pamene dayosizi ija ya magombe awiri inkaduka. Mu 1952 chigawo cha ku Tanganyika chinakhala dayosizi payokha. Chigawo cha ku Mozambique chinadzaperekedwa ku Dayosizi ya Lebombo. Sitima ya mishoni inali itagulitsidwa, anthu ankayenda pa misewu, ndipo akhristu ankachuluka m'matauni a kumtunda. Bishopu wokhala pachilumba anayamba kukhala kutali ndi nkhosa zake zambiri. Maofesi anasamukira kwa Mponda, ndipo Donald Arden, amene anakhala bishopu mu 1961, anawapititsa ku Malosa. Bungwe la UMCA lenilenilo linatha mu 1965 pamene linaphatikizana ndi bungwe lina la amishoni a Anglican, la SPG, kupanga bungwe limodzi lotchedwa USPG.

Mu 1971 dayosizi ya Malawi inagawidwa pawiri, Lake Malawi ndi Southern Malawi. Mu 1995 panabadwa Northern Malawi, ndipo mu 2002 Upper Shire. St Peter ndi tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Northern Malawi, ngakhale maofesi a bishopu ali ku Mzuzu. Madayosizi onsewa anabadwira m'chigawo cha mpingo cha Central Africa chimene chinakhazikitsidwa mu 1955.

Kusamukaku kunasiya katundu wolemera pamapewa a anthu ochepa. Nyumba yomangidwira dayosizi ya mayiko atatu tsopano imasamalidwa makamaka ndi akhristu a pachilumba, ambiri mwa iwo asodzi ndi alimi a chinangwa, mothandizidwa ndi ana a ku Likoma okhala kumtunda ndi abwenzi akunja. Denga la malata lalikulu chotero, matabwa a zaka zoposa 100 ndi magalasi akale sizidikira kuti ndalama zipezeke kaye.

Munthu amene si wa Anglican angalowemo? Nanga amafikako bwanji?

Angalowe. Ndi nyumba yopemphereramo, osati yosungiramo zakale, ndiye valani modzilemekeza, pemphani chilolezo musanajambule anthu, ndipo ngati muli Misa khalani pansi mpaka ithe. Tsiku labwino ndi Lamulungu m'mawa, chifukwa nyumbayi inamangidwira mawu a anthu ambiri oimba pamodzi, ndipo ikakhala yopanda anthu mumangoona theka lake. Pa 29 Juni ndi tsiku la Petro Woyera, nkhoswe ya tchalitchichi.

Ambiri amafika pa sitima ya Ilala kapena maboti ena ochokera ku Nkhata Bay, ndipo pachilumbapo pali bwalo la ndege zing'onozing'ono. Funsiranitu za masiku a sitima musananyamuke, makamaka m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene nyanja imawinduka ndipo maulendo amatha kusintha.